Makina oumitsa zovala akasiya kutentha, yambani mwafufuza njira ya mpweya

Mvula ikakhazikika ku Angónia mu January ndi February, foni yanga siipuma. Oimba ambiri ndi eni nyumba zogona alendo ku Ulongwe ndi amayi a makanda, amene anagula makina oumitsa zovala, aja m'masitolo amati secadora, pothawa chinyezi ndi mphutsi. Kumunsi ku Moatize ena anagula chifukwa malaya oyera akagona pachingwe amadetsedwa ndi fumbi la malasha. Dandaulo lake ndi limodzimodzi: "Amisiri, makina akuzungulira bwinobwino, koma zovala zikutuluka zozizira. Waya wotenthetsa uja wapsa." Ndikafika n'kutsegula, kawirikawiri ndimapeza wayayo ali bwinobwino. Chimene chatsekeka ndi njira ya mpweya.

Makinawa ali ndi mota imene imazunguza dramu ndi fani, ndiyeno pali waya wopotanapotana amene amafiira ngati wa pa kukala. Fani imakoka mpweya, mpweyawo umadutsa pa waya wotenthayo, umalowa m'zovala, n'kutuluka ndi chinyezi. Mota ndi wayayo zimalandira magetsi m'njira zosiyana, n'chifukwa chake dramu imatha kumangozungulira kutentha kulibe. Pa njira ya wayayo opanga anaikapo alonda awiri. Woyamba ndi thermostat, amene amazimitsa ndi kuyatsa kuti kutentha kusapyole muyezo. Wachiwiri ndi kafyuzi kakang'ono ngati batani la malaya, kamene kamadula magetsi kutentha kukafika poopsa. Mpweya ukalephera kuyenda, kutentha kumaunjikana pamalo amodzi, ndipo kafyuziko kamadzipereka kuti nyumba isapse.

Chaka chatha ndinaitanidwa pa nyumba ina yogona alendo. Mayi mwini wake anandilandira atakwiya kale, akuti makina anangokonzedwa mwezi wapitawo, lero akununkha ngati nsanza yopserera. Nditachotsa chitsulo chakumbuyo, ndinapeza kafyuzi kaja atakalumphitsa ndi kawaya ka kopa. Payipi yotulutsira mpweya inali itapanikizika pakati pa makina ndi khoma, ndipo m'kati mwake ndinasolola ubweya wa matawulo wokandapala ngati bulangete, wodzaza manja awiri, nsonga yake itada kale ndi moto. Ndinawaonetsa n'kunena kuti, "Mayi, ichi chikanayaka usiku alendo anu ali m'tulo." Sanayankhe, anangogwira pakamwa. Amisiri anzanga, chonde, kulumphitsa kafyuzi kameneka si kukonza. Kakaduka ndiye kuti kagwira ntchito yake, ndipo ntchito yathu ndi kufufuza chimene chakadula tisanaikepo katsopano kofanana nako.

Tsono inu eni makina, musanaimbire munthu, yambani ndi zimene maso akuona. Onani ngati kabatani sikali pa pulogalamu ya mpweya wozizira kapena ya kutentha pang'ono, chifukwa ana amakonda kupotokola. Dziwaninso kuti kumapeto kwa pulogalamu makina amauzira mpweya wozizira kwa mphindi zingapo kuti zovala zisakwinyike, choncho muziyesa kutentha patangopita mphindi 10 chiyatsireni, osati pomaliza.

Kenaka solorani sefa ya pachitseko. Imeneyi imafuna kuyeretsa nthawi iliyonse mukaumitsa, osati pamwezi kamodzi. Ubweya ukachoka, itsireni madzi. Madzi akamaima pamwamba osadutsa, ndiye kuti mankhwala ofewetsa zovala aimata ngakhale ikuoneka yoyera, ndipo imafuna sopo ndi kaburashi kofewa. Pitani panja pomwe payipi imatulukira, makina akuyenda, muikepo dzanja. Mpweya uyenera kukankha ndithu. Ukamangonong'ona, zulani payipiyo muiyeretse yonse. Kwathu kuno mumatha kupezamo zisa za mavu, dothi la anamlondola ngakhale zinyalala zokokeramo makoswe. Payipi ikhale yaifupi ndi yosapindapinda. Zovala nazonso musamapanikize. Makina olembedwa 7 kg amatanthauza kulemera kwa zovala zouma, ndipo mabulangete awiri onyowa amangopanga chibulunga chimene mpweya sungathe kulowamo.

Pali makina ena opanda payipi, amene amasonkhanitsa madzi m'kathanki. Amenewa ali ndi kondensa pansi, kuseri kwa kachitseko, imene m'makina ambiri imasololedwa n'kutsukidwa pampopi. Apa mpamene a mumzinda wa Tete ayenera kutchera khutu. Kondensa imadalira mpweya wa m'chipinda kuti iziziritse nthunzi isanduke madzi. Mu October ndi November, pomwe kutentha m'mphepete mwa Zambezi kumapyola madigiri 40, makina otsekeredwa m'kachipinda ka malata kopanda zenera amatentha ndithu, koma zovala siziuma. Mabuku a makina ambiri otere amanena kuti chipinda chisapyole madigiri 35. Atulutseni pakhonde, kapena muziumitsa m'mamawa. Komanso amene munagula makina a mtundu watsopano wotchedwa heat pump musadabwe kuti satentha ngati akale aja. Anapangidwa kuti aziumitsa pa madigiri pafupifupi 50, pang'onopang'ono, ndipo mphotho yake mumaiona pa mayunitsi a magetsi a Credelec.

Nkhani ya magetsi ndiyo anthu amandikanira. Amati, "Magetsi angachepe bwanji Cahora Bassa ili kwathu konkuno ku Songo?" Damu likhoza kukhala pafupi, koma chofunika ndi mphamvu imene ikufika pa tomada, polowetsa pulagi paja, m'nyumba mwanu. Makinawa amafuna mavoti 220 kapena 230. Madzulo, aliyense akayatsa kukala ndi firiji, nyumba ya kumapeto kwa mzere kapena ya mawaya oonda imalandira ochepa. Ndipo kutentha kumatsika mofulumira kuposa mavoti: waya wa mawati 2,000 ukalandira mavoti 190 m'malo mwa 220 umangopereka mawati pafupifupi 1,500. Mota imazungulirabe, inu n'kumaganiza kuti makina afa. Yesani kuumitsa m'mawa. Akatentha bwino, vuto si makina. Ndipo musawalumikize pa chingwe chowonjezera chija cha mabowo anayi, chifukwa amakoka ma amp 9 kapena 10 kwa ola lathunthu kapena kupitirira. Pulagi ikamatentha poigwira, kapena mapini ake akada, lekani kuigwiritsa ntchito tsiku lomwelo.

Zonsezi zikakhala bwino koma kutentha kulibe, ndiye tafika potsegula. Zulani kaye pulagi pakhoma, kungozimitsa batani sikokwanira. Makina ena ali ndi kabatani kakang'ono kumbuyo, kawirikawiri kofiira, kamene mukakadina makina atazizira kamalira kuti thwa, kutentha n'kubwerera. Kakadukanso, musamangodinadina, njira ya mpweya ikadali yotseka. Amene mumadziwa kugwira multimeter, kachipangizo koyesera magetsi, chotsani mawaya pa kafyuzi ndi pa thermostat muyese: zikakhala zozizira ziyenera kusonyeza pafupi ndi 0. Waya wotenthetsa wa mawati 2,000 umasonyeza ma ohm apakati pa 24 ndi 27. Multimeter ikangokhala chete osasuntha, pamenepo ndiye wadukadi. Makina ambiri ali ndi mawaya otenthetsa awiri, ndipo mmodzi akaduka makina amangofunda osatentha, choncho yesani aliyense payekha. Musakhudze kapasita, kachipangizo kooneka ngati kachitini ka pafupi ndi mota, kamasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa. Zoyesazi zikapezeka zili bwino, vuto limakhala pa bolodi kapena pa kasensa ka kutentha, ndipo zimenezo asiyireni amisiri. Makina akadali pa garanti, musamasule ngakhale sikuluwu imodzi, abwezeni kumene munagula.

Pokagula chitsulo chatsopano, jambulani pafoni kapepala ka nambala kamene kamakhala m'mphepete mwa chitseko kapena kumbuyo, ndipo mutenge chakalecho m'thumba. Timafyuzi timafanana maonekedwe koma timaduka pa madigiri osiyana, ndipo nambala yake imalembedwa pathupi pake. Zitsulo zina sizipezeka msanga, zimachita kuitanitsa ku Beira, ku Maputo kapena ku Lilongwe, ndiye pamapita masabata. Podikirapo mudzabwerera kuchingwe. Ntchentche ya mphutsi imakonda kuikira mazira pa zovala zonyowa, makamaka zoyanika pansi kapena pamthunzi, ndipo chimene chimapha mazirawo ndi kutentha. Choncho yanikani padzuwa, ndipo matewera ndi tizovala ta mwana muzisita ndi simbi yotentha kuseri ndi kumaso, mpaka m'misoko momwe.