Baga ya m'pub ya ku Ireland imayambira kubutchala

Mukalowa m'butchala ya ku Ireland n'kunena kuti mukufuna nyama yogaya, wogulitsa amakufunsani ngati mukufuna round kapena rib. Round ndi nyama ya kuntchafu kwa ng'ombe, yofiira psuu, ya mafuta ochepa. Rib ndi ya kunthiti, ya mawangamawanga oyera. Ambiri amaloza yofiirayo poti ndi yokongola m'maso, ndipo baga yawo imalakwika pomwepo, moto usanayatsidwe n'komwe. Ndaphika zaka zambiri m'khitchini ya pub ina, malo omwera mowa ogulitsanso chakudya, ku County Cork, chigawo cha kumwera kwa Ireland, ndipo aliyense akandifunsa chinsinsi cha baga ya kumeneko, sindiyambira pa Guinness kapena pa tchizi. Ndimayambira pa mafuta a nyama.

Muyeso wake ndi uwu: pa magawo asanu a nyama yogaya, gawo limodzi likhale mafuta. Ngati mukuphikira anthu anayi, gulani magalamu 800, ndipo mwa amenewa magalamu 160 akhale mafuta. Nyama ikamapsa imafinyika n'kutaya madzi ake, koma mafuta amasungunuka n'kutsalira m'timipata ta nyamayo, ndiye amene amachititsa kuti baga ikhale yofewa, yonona m'kamwa. Ng'ombe za ku Ireland, zambiri za mtundu wa Angus ndi Hereford kapena zosakanizidwa ndi za mkaka, zimadya msipu panja miyezi yambiri ya chaka chifukwa mvula sisowa m'dzikolo. N'chifukwa chake mafuta ake amaoneka achikasu pang'ono. Musawaope, si kuti nyama yagona ayi, ndi mtundu wochokera ku udzu. Amene muli kumudzi, ng'ombe zathu nazo zimadya msipu, kungoti zimayenda mitunda italiitali ndipo nyama yake imakhala youma. Uzani wa butchala akugayireni nyama ya papewa kapena ya m'khosi, awonjezere mafuta a palinunda kapena a pachifuwa, ndipo agaye kamodzi kokha, osati mpaka kusanduka phala.

Agaye inu mukuona. Pa 15 January 2013, bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ireland, la Food Safety Authority of Ireland, linalengeza kuti lapeza nyama ya hatchi m'mabaga ena ogulitsidwa m'masitolo akuluakulu atalembedwa kuti ndi a ng'ombe. Mu imodzi mwa mabaga amene anayezedwa, nyama ya hatchi inafika 29 peresenti. Nkhaniyi inagwedeza Ulaya yense, ndipo kwa ife ophika inatsimikiza zimene akuluakulu a m'khitchini ankanena kale: nyama yogaya imabisa zambiri, choncho dziwa chimene chalowa m'makina.

Pali chifukwa china chachikulu chofunira mafutawa, ndipo apa ndikupemphani kuti mundimvetsetse. Baga iyenera kupsa mpaka m'kati. Anthu amadabwa kuti bwanji steak timaipereka ili yofiirira m'kati koma baga timakana. Tizilombo toyambitsa matenda, makamaka E. coli wochokera m'matumbo a ng'ombe, timakhala pamwamba pa nyama. Steak ikakhudza chiwaya chamoto, pamwamba ponse pamapsa, tizilomboto timafa. Koma nyama ikagayidwa, zimene zinali pamwamba zimalowa m'kati, pakatikati penipeni pa baga. Mitundu ina ya E. coli imatsegula m'mimba mwa magazi ndipo kwa ana aang'ono imatha kuwononga impso. Bungwe lomwe lija limalangiza kuti pakati pa baga pafike madigiri 75. Kachipangizo koyezera kutentha kwa chakudya, kokhala ndi kansonga kobaya, ndi kotchipa kuyerekeza ndi ulendo wa kuchipatala, ndipo kamanena zoona kuposa maso, chifukwa nyama yogaya nthawi zina imada m'kati isanapse bwino. Ngati mulibe, dulani baga imodzi pakati: pasaoneke pofiira, madzi otuluka akhale oyera, ndipo nthunzi izituluka m'katimo. Tsono nyama yopanda mafuta ikafika pa madigiri 75 imauma gwa. Yamafuta imafika pomwepo ikadali yofewa.

Sabata yanga yoyamba m'khitchini muja ndinapatsidwa beseni la nyama kuti ndiumbe mabaga a madzulo. Ndinathiramo mchere, n'kuikanda ndi mphamvu zanga zonse monga timakandira ufa wa mandasi, mpaka inagwirana bwinobwino, yosalala. Mkulu wa ophika sananene zambiri. Anaphika imodzi, anaidula pakati, anandiuza kuti ndiikanikize ndi chala. Inali yolimba, yotanuka ngati soseji. Kenako anatenga nyama ina yosathira mchere, anaiumba ndi manja awiri kanayi kapena kasanu basi, anaiphika, ndipo ataidula munkaoneka timibulu ta nyama togundana mopepuka, mafuta akunyezimira pakati pake. Chimachitika n'chakuti mchere ukalowa m'nyama yogaya umasungunula puloteni yotchedwa myosin, imene imakhala ngati ulimbo. Mukamakanda, ulimbowo umamanga nyama yonse pamodzi. Popanga soseji zimenezi n'zimene timafuna. Popanga baga ayi. Mchere uthiridwe kunja kokha, mbali zonse ziwiri, baga ikupita pamoto. Tsabola wakuda nayenso chimodzimodzi.

M'makomo ambiri ku Ireland amayi amasakaniza nyama ndi dzira, nyenyeswa za buledi ndi anyezi woduladula, ndipo ma pub ena amatero. Sindinyoza, ndi chakudya chabwino chimene chalera anthu. Koma nyama ikakhala ndi mafuta okwanira imagwirana yokha, sifuna dzira. Ngati mwangopeza nyama youma, apo nyenyeswa za buledi zodzaza dzanja limodzi, zonyika mu mkaka pang'ono, zidzakuthandizani kusunga chinyezi. Chimene ndimakana ndi kuthira mowa m'nyama. Nyama yonyowa siwauka, imangowira m'madzi ake n'kutuluka yotuwa.

Gawani nyamayo panayi, magalamu 200 gawo lililonse. Umbani mopepuka, kukhuthala kwake masentimita awiri, m'lifupi mopitirira banzi pang'ono poti idzafinyika. Pakati pake bonyani ndi chala chachikulu kuti pakhale kadzenje kosaya. M'mphepete mumapsa msanga n'kumanga ngati lamba, ndiye popanda kadzenjeko baga imatukuka pakati ngati mpira. Ikani m'firiji kwa theka la ola kuti mafuta alimbe, ndipo sambani m'manja ndi sopo, tsukaninso thabwa ndi mpeni musanagwire letesi kapena tomato.

Mowa uja malo ake ndi mu anyezi, ndipo anyeziyu ndi amene amapatsa baga fungo la pub. Guinness ndi mowa wakuda wa mtundu wa stout, wofululidwa ku St James's Gate mu Dublin, pamalo pamene Arthur Guinness anachita lendi ya zaka 9,000 m'chaka cha 1759. Kuda kwake ndi kuwawira kwake kumachokera ku balere wokazinga. Dulani anyezi atatu akuluakulu mopyapyala, muike mumphika wochindikala pansi ndi masupuni awiri a batala ndi kamchere. Moto ukhale wochepa. Apa m'pamene ambiri amagwa mphwayi, chifukwa anyezi amafuna mphindi 40, nthawi zina kupitirira. Poyamba amatulutsa madzi n'kufota, mphika umene unali wodzaza umatsala theka. Kenako amayamba chikasu, ndipo mukamva kafungo kotsekemera, pansi pa mphika payamba kumata zofiirira, muzitakasa pafupipafupi ndi mthiko n'kumapala zomatazo. Akafika pofiirira ngati uchi, thirani supuni imodzi ya shuga wabulauni ndi mamililita 150 a stout, theka la kapu kupitirira pang'ono. Musapyole apo. Stout ikamaphwa, kuwawa kwake kumakula, ndipo botolo lathunthu lingakuwonongereni ntchito ya ola lonse. Siyani iphwe mpaka anyezi akhale wonanda, wonyezimira, wosayenderera pa supuni, kenako dontheza supuni yaing'ono ya viniga, lawani. Ku Malawi Carlsberg Stout imagwira ntchito yomweyi, ndipo ku South Africa Castle Milk Stout, yomwe ndi yotsekemerako, choncho chepetsani shuga. Amene simumwa mowa, dziwani kuti kuphika sikuchotsa mowa wonse. Gwiritsani ntchito msuzi wa mafupa a ng'ombe ndi viniga, anyezi wanu adzakomabe.

Tsopano moto. Chiwaya chikhale chachitsulo cholemera, chotentha mpaka dontho la madzi likagwapo lizithawathawa. Pakani mafuta ophikira pang'ono chabe. Ngati mukuotcha pa mbaula, dikirani makala ayere phulusa pamwamba, malawi atazima. Ikani baga, kadzenje kali m'mwamba, ndipo muyenera kumva phokoso la "tswaa" nthawi yomweyo. Likapanda kumveka, chiwaya sichinatenthe. Mukaika, isiyeni. Musaisunthe, musaisuzumire pansi, ndipo koposa zonse musaikanikize ndi chipande. Phokoso limene limamveka munthu akakanikiza baga ndi la mafuta aja munapempha kubutchala akuthera pamoto. Kutentha kwakukulu kumachititsa kuti mapuloteni ndi shuga wa m'nyama zisinthe n'kupanga chikhokho chofiirira chonunkhira, zimene katswiri wa ku France, Louis-Camille Maillard, anazifotokoza mu 1912. Chikhokhocho chikapangika, baga imamasuka yokha pa chiwaya. Pakatha mphindi zisanu tembenuzani, chepetsani moto pang'ono, ipseninso mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi, kenako bayani kachipangizo kaja kuchokera m'mbali mpaka pakati. Musadzaze chiwaya. Ngati ndi chaching'ono, phikani awiriawiri.

Itatsala mphindi imodzi, ikani tchizi pamwamba, dontheza supuni ya madzi m'mbali mwa chiwaya n'kuvundikira. Nthunziyo imasungunula tchizi mwachangu. Cheddar chokhwima ndiye cha m'pub, ndipo Dubliner, chimene ngakhale dzina lake ndi la Dublin chimapangidwa ku County Cork, chimakoma kwambiri ndi anyezi uja chifukwa chili ndi kutsekemera kwakekwake. Okonda zonunkhira mwamphamvu amasankha Cashel Blue cha ku Tipperary. Mukaphula, baga ipume mphindi zitatu pambale yofunda kuti madzi ake akhazikike.

Bekoni wa ku Ireland amatchedwa rasher, amachokera kumsana kwa nkhumba, ali ndi mnofu wambiri kuposa wa kumimba wodziwika ku America. Mmodzi pa baga iliyonse akwana, ndipo amene sadya nkhumba sataya kanthu kakakulu akamusiya.

Banzi ndimalitenga ngati nkhani yaikulu kuposa mmene ambiri amaganizira. Liyenera kukhala lofewa kuti mano adutse osafinya nyama kutulukira kumbuyo, koma lolimba mokwanira kunyamula magalamu 200 ndi anyezi wonyowa. Ma pub ambiri amagwiritsa ntchito brioche, banzi la batala ndi mazira. Ine mtima wanga uli pa blaa ya ku Waterford, banzi loyera lofewa lowazidwa ufa pamwamba, limene dzina lake linatetezedwa ndi malamulo a European Union mu 2013. Silotsekemera, ndiye silipikisana ndi anyezi. Banzi lililonse latsopano la kubekale yakwanuko lidzachita, bola mulidule pakati, mupake batala, muwambe mbali yodulayo pa chiwaya mpaka ifiire. Kuwambako kumatseka timabowo ta buledi kuti asanyowe n'kuphwasuka m'manja. Pansi pakani relish, ndiye kuti tomato wophikidwa ndi viniga, shuga ndi zonunkhiritsa mpaka kulimba. Wotchuka ku Ireland ndi wa Ballymaloe wa ku Cork, koma chatine wa tomato wopanga nokha saipa. Pamwamba pake tsamba la letesi louma bwino, kenako baga ndi tchizi chake, rasher, anyezi wodzaza supuni yaikulu, n'kutseka. Tomato wamuwisi ndimamuika pambali, chifukwa madzi ake amazimitsa chikhokho chija.

Chakudya chotere sichinali chofala m'ma pub kalelo, ambiri ankangogulitsa zakumwa, mwina ndi supu ndi sangweji. Pa 29 March 2004 Ireland inakhala dziko loyamba kuletsa kusuta fodya m'kati mwa malo antchito, ma pub omwe, ndipo eni ake ambiri anaika mtima pa khitchini kuti akope mabanja. Baga imabwera ndi tchipisi zonenepa ngati chala, ndipo mbatata ya kachewere imene imakondedwa kumeneko ndi Rooster, yofiira khungu, yaufa m'kati, yomwe inatulutsidwa ndi akatswiri a zaulimi a Teagasc ku Oak Park, Carlow. Kwathu mbatata ya kachewere timaitcha kale ayirishi, ndipo ya ku Dedza ndi ku Ntcheu imachita bwino. Idulenidulei, itsukeni, iumitseni ndi nsalu, ikazingeni koyamba m'mafuta osatentha kwambiri, pafupifupi madigiri 140, mpaka ifewe isanafiire. Ivuuleni izizire. Ntchito imeneyi chitani anyezi ali pamoto. Kukazinga kwachiwiri, pa madigiri 185, kumangotenga mphindi zitatu, zofanana ndendende ndi nthawi imene baga ikupuma. Zikatuluka wazani mchere ndi viniga zikadali zamoto, anthu akhale atasamba kale m'manja.