Nyamakazi ya m'mawondo: kufunika koyendetsa mfundo zimene zikupweteka

Munthu akayamba kumva ululu m'mawondo pokwera chitunda kapena podzuka pamkeka, abale ake amakonda kumulangiza kuti azingokhala, poganiza kuti mafupa aperepeseka ndipo kuyenda kungawamalize. Malangizowa amachokera m'chifundo, koma kawirikawiri amakulitsa vuto. Nthenda imene imayambitsa ululu wotere mwa akuluakulu ambiri ndi nyamakazi ya m'mfundo za mafupa, imene achipatala amaitcha osteoarthritis. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likunena kuti mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni anali ndi nthendayi padziko lonse, ndipo mwa odwala 100 alionse, 73 anali opitirira zaka 55, pamene 60 anali amayi. Mfundo imene imagwidwa kwambiri ndi bondo.

Kumapeto kwa mafupa amene amakumana m'bondo kuli chichereŵechereŵe chosalala, chochindikala mamilimita awiri mpaka anayi okha, ndipo mbali yaikulu ya chichereŵechereŵecho ndi madzi. Mulibe mitsempha ya magazi m'menemo, choncho chakudya chake chimachokera m'madzi oterera amene amakhala m'kati mwa mfundo. Munthu akaponda pansi, chichereŵechereŵe chimafinyika n'kutulutsa madzi pamodzi ndi zosafunika, ndipo akanyamula phazi chimayamwanso madzi ena okhala ndi chakudya, monga mmene chinkhupule chimachitira. Maselo ake amamva kupsinjika kumeneku, ndipo kukakhala kwapakatikati komanso kobwerezabwereza, amapitiriza ntchito yawo yokonza chichereŵechereŵecho. N'chifukwa chake mwendo umene wakhala nthawi yaitali m'chikhakha, kapena wa munthu amene wagona pamphasa kwa miyezi, umakhala ndi chichereŵechereŵe chopyapyala ndi chofooka. Kungokhala kumafwetsanso minofu ya pantchafu, imene imachirikiza bondo, moti munthuyo akadzayesa kuyenda ululu umakhala woposa poyamba, ndipo iye amayamba kuopa kuyenda kulikonse.

Katundu wopitirira muyeso nayenso amawononga. Poyenda pamalo afulati, bondo limasenza mphamvu yoposa kulemera kwa thupi kawiri kapena katatu, ndipo potsika phiri kapena ponjuta mphamvuyo imakula. Kilogalamu imodzi imene munthu wonenepa wataya imachepetsa katundu wa pabondo ndi makilogalamu pafupifupi anayi pa sitepe iliyonse. Kuvulala kwa bondo, monga kuduka kwa mitsempha yomanga mafupa kumene kumachitika kwa osewera mpira wamiyendo ndi wa ntchemberembaye, kungabweretse nyamakazi patapita zaka 10 kapena 20, munthu akadali ndi mphamvu zake. Ntchito zogwada, zonjuta ndi zosenza katundu wolemera kwa zaka zambiri zimawonjezeranso chiopsezo. Koma kuyenda ndi kuthamanga kwapakatikati kwa munthu amene mawondo ake sanavulalepo sikuyambitsa nthendayi.

Pano pali funso limene alimi ndi amayi otunga madzi amafunsa, ndipo ndi lomveka: munthu amene amakhalira khasu tsiku lonse angafunikirenso masewera olimbitsa thupi? Yankho n'lakuti inde, popeza kulima ndi kusenza ndowa kumapanikiza mfundo mofanana kwa maola ambiri osapuma, pamene masewera oyenera amalimbitsa minofu pang'onopang'ono ndi kupinda mfundo mbali zake zonse. Munthu wotere amafunika kugawa katundu m'maulendo angapo, kusinthasintha kaimidwe pogwira ntchito, ndi kukhala pampando waufupi m'malo monjuta pophika kapena pochapa.

WHO imalimbikitsa akuluakulu kuchita masewera apakatikati kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndi kulimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo. Wodwala nyamakazi angayambe ndi kuyenda mphindi khumi patsiku pamalo afulati, n'kumawonjezera pang'ono sabata iliyonse. Kupalasa njinga n'kwabwino chifukwa bondo limapindika popanda kusenza thupi lonse, bola chishalo chikhale chokwera bwino. Polimbitsa ntchafu, khalani pampando, wongolani mwendo umodzi, muugwire choncho kwa masekondi asanu, kenaka muutsitse pang'onopang'ono, ndipo mubwereze kakhumi mwendo uliwonse. Kudzuka ndi kukhalanso pampando osagwirira ndi manja kumathandizanso. Phindu limayamba kuoneka pakatha masabata asanu ndi limodzi kapena kuposerapo, ndipo limatha munthu akasiya. Tinene mosabisa kuti masewerawa sameretsanso chichereŵechereŵe chimene chinatha, koma amachepetsa ululu ndi kubwezeretsa mphamvu zoyendera.

Ululu wochepa pochita masewera si chizindikiro choti mfundo ikuwonongeka. Ngati ululuwo wabwerera mwakale pasanathe maola 24, pitirizani, koma ngati bondo lakhalabe lotupa kapena lopweteka kwambiri tsiku lotsatira, chepetsani muyeso popanda kusiyiratu. Amene akufuna ndodo aigwire ndi dzanja la mbali imene sikupweteka. Mankhwala monga ibuprofen ndi diclofenac amachepetsa ululu, koma akamwedwa nthawi yaitali angayambitse zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso, choncho asamwedwe mwachisawawa popanda malangizo a achipatala.

Kuuma kwa mfundo m'mawa kumene kumadza ndi nthendayi kumatha pasanapite mphindi 30. Ngati kuumako kukutenga nthawi yotalikirapo ndipo mfundo zingapo zatupa pamodzi, mwina ndi mtundu wina wa nyamakazi umene uli ndi mankhwala akeake, ndipo pamafunika kupimidwa. Anthu a vuto la mtima kapena kuthamanga kwa magazi ayambe afunsa kuchipatala asanawonjezere masewera. Bondo likatupa mwadzidzidzi, n'kutentha, munthu n'kumamva kutentha thupi kapena kulephera kuponda, apite kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti tizilombo tikalowa m'mfundo tingaiwononge m'masiku ochepa.