Musanagule katoni ya matewera a akuluakulu, tamverani kaye

Sabata yathayi mayi wina amene timapemphera limodzi anandikokera pambali titatuluka m'tchalitchi, nkuyamba kunong'ona, eti anesi, ma pampasi a akuluakulu otsikirako mtengo amapezeka kuti, apongozi anga ayamba kudzinyowetsa nde tagwirizana kuti azingovala usana ndi usiku. Ndinawafunsa kuti kuchipatala munapita nawo? Anandiyang'ana modabwa, akuti tikatani kuchipatala, si ukalamba basi.

Mawu amenewa ndatopa nawo ndithu. Kuvala thewera munthu wamkulu si nkhani yochititsa manyazi, ndipo ine ndimalemekeza munthu amene wanena yekha kuti ndatopa kuchapa mabulangeti m'mawa uliwonse, ndatopa kukhala kumbuyo m'tchalitchi kuopa kununkha, ndizivala nthawi zonse kuti ndiziyenda ngati anzanga. Chimenecho ndi chisankho cha nzeru. Koma thewera limangolandira mkodzo, silikuuzani chifukwa chake mkodzowo ukutuluka wokha, ndipo pa zifukwa zimenezo zambiri zimachizika, zina zimapha munthu mukachedwa nazo.

Pali bambo ena amene mpaka lero sachoka m'mutu mwanga. Anali mphunzitsi wopuma, amakhala mbali ya ku Area 25, ana awo anthu abwino kwambiri, osati otaya kholo ayi. Mwana wawo wamkazi anandiimbira foni kufunsa za sayizi ya matewera a bambo ake, ine ndinali pa ntchito wotanganidwa, ndinamuuza kuti ayeze chiuno ndi tepi nkudula foni. Sindinafunse chilichonse. Patapita miyezi ingapo anandiimbiranso kuti adadi sakudya, akusanza, akuyankhula zosamveka. Nditafika ndinapeza chipinda chaukhondo, matewera osanjidwa bwinobwino pa mpando, kope lolembamo nthawi yowasintha, zonse zili m'malo. Koma nditaika dzanja pansi pa mchombo, mimba inali yotupa, yolimba gwa ngati dzungu. Chikhodzodzo chinali chodzadza mpaka kalekale. Prostate, kachiwalo ka abambo kamene kamazungulira njira ya mkodzo pansi pa chikhodzodzo, inakula nkutseka njira, nde zimene zimadontha mu thewera zija unali mkodzo wosefukira chabe, monga ndowa imene yadzadza pa mpope madzi nkumatayikira m'mbali. Kuchipatala atawaika paipi munatuluka mkodzo woposa lita, koma impso zinali zitaonongeka kale chifukwa mkodzo unakhala ukubwerera m'mwamba kwa nthawi yaitali. Pansi pa bedi panali chigubu cha mankhwala a zitsamba amene anagula kwa munthu wina wa pa WhatsApp, akuti oumitsa chikhodzodzo. Bambo aja sanabwererenso mwakale. Tsiku loyamba lija ndikanangofunsa kuti kodi akamakodza mkodzo umatuluka ndi mphamvu kapena umangodontha, kodi amadzuka kangati usiku, paipi yomweyo ikanaikidwa impso zidakali bwino. Nchifukwa chake pano munthu akandifunsa za sayizi amayamba wayankha mafunso anga kaye, kaya atope nane.

Kwa amayi nkhani imene imandiwawa ndi fistula. Mayi anavutika pobereka, mwana anakhalitsa panjira masiku awiri kapena atatu, kuchokera pamenepo mkodzo umangotuluka usana ndi usiku osamva nkomwe kuti ukubwera, nthawi zina ndi chimbudzi chomwe. Limenelo ndi bowo pakati pa chikhodzodzo ndi njira yoberekera, silitsekeka ndi pemphero la munthu wofuna ndalama, silitsekeka ndi zitsamba zoika kumaliseche, zimenezo zimangootcha minofu nkusiya zipsera zimene zimavutitsa dokotala pa nthawi yosoka. Sikulodzedwa ndipo si chilango cha chigololo monga ena amanenera kumudzi. Konkuno ku Lilongwe pa Bwaila pali Fistula Care Centre, amasoka ndipo opaleshoni yake ndi yaulere. Nde mukamatumiza matewera kumudzi mwezi ndi mwezi kwa mlongo wanu amene anayamba kudontha atabereka, ndalama ya mwezi umodzi musandutse thiransipoti abwere adzaonedwe.

Shuga wokwera amakodzetsa munthu pafupipafupi, matenda a m'njira ya mkodzo nawonso, kudzimbidwa kwa nthawi yaitali kumakankha chikhodzodzo, likodzo kwa amene amasamba kunyanja kapena m'madambo, ngakhale mankhwala ena a BP aja ochotsa madzi m'thupi monga Lasix. Amenewa musasiye kumwa panokha chonde, kafunseni amene anakulemberani ngati mungamamwe m'mawa. Zonsezi zimayambira pa kuyeza mkodzo, kubaya chala ndi kugwira pamimba, ku health centre ya kwanuko angathe, zikakula akutumizani kuchipatala chachikulu, ku Central.

Tsono tinene kuti mwaonedwa, ndi sitiroko, kapena msana unavulala pa ngozi, kapena agogo mutu sukugwiranso, kapena mukudikira opaleshoni, ndipo mwasankha kuvala nthawi zonse. Apa cholakwa china chimene ndimachiona ndi kugula mwa phuma osawerengera. Munthu amagula paketi imodzi ya matewera 10 nkumaganiza kuti afika nayo kumapeto kwa mwezi. Tawerengani. Wovala nthawi zonse amafuna pafupifupi 4 masana ndi limodzi usiku, amenewo ndi 5 pa tsiku, pa mwezi 150, mapaketi 15 ngati muli 10 mu paketi. Ena zimachepa ena zimachuluka, nde musandikhulupirire ine, tengani kope mulembe masiku atatu otsatizana kuti wamwa chiyani nthawi yanji, wanyowa nthawi yanji, mwasintha kangati. Nambala imeneyo ndi imene mupite nayo pa msonkhano wa pabanja, chifukwa katundu ameneyu munthu mmodzi sangamusenze yekha, achimwene ali ku Joni aja ndi achemwali a ku Blantyre auzidwe nambala yeniyeni osati kungoti tithandizeni ya ma pampasi. Ndipo dziwani kuti matewera ambiri amachokera kunja, ndalama zakunja zikavuta amasowa m'mashopu kapena mtengo umadumpha, amene anali ndi wodwala kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akukumbuka. Nthawi zonse muzikhala ndi a sabata imodzi osungira amene simukuwakhudza, pamalo ouma, osati pansi pa simenti kapena pafupi ndi zenera nthawi ya mvula.

Koma musayambe ndi katoni. Gulani paketi imodzi muone ngati ikukwana. Anthu amathamangira XL poganiza kuti lalikulu limamwa mkodzo wambiri, ayi, lalikulu limasiya mpata m'ntchafu ndipo mkodzo umadutsa pomwepo. Yezani chiuno ndi matako ndi tepi ya telala, tengani nambala yaikuluyo muyerekeze ndi imene yalembedwa pa paketi, chifukwa M ya kampani ina ndi L ya kampani ina. Amene amayenda yekha nkumapitabe kuchimbudzi amuyenera aja ovala ngati kabudula wamkati, amadzivula yekha ndipo ulemu wake umakhalapo. Wogona pabedi amuyenera omata m'mbali, mumangomutembenuza nkusintha osamunyamula. Amene amangodontha pang'ono akatsokomola kapena kuseka safunika thewera lathunthu nkomwe, pali mapadi a mkodzo, ndiponso masewera olimbitsa minofu ya pansi imene imagwira mkodzo amathandiza ambiri, a physio (a zamafizo kuchipatala) angakuphunzitseni. Mapadi a msambo sanapangidwire mkodzo, amanyowa msanga nkununkha. Za kuvala matewera awiri pamodzi usiku zija nkutaya ndalama, lamkatilo kunja kwake kuli pulasitiki, mkodzo sudutsa kupita ku lachiwiri, umangotulukira m'mbali.

Tsopano chimene chimandikwiyitsa zenizeni. Anthu akaona kuti bajeti yathina amachita zinthu ziwiri, kumumana madzi wodwala ndi kusiya thewera limodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndalowapo m'nyumba mu Okotobala, dzuwa lili phwee pa malata, agogo milomo ili gwa, kapu ya madzi aiika patali dala kuti asamalize ma pampasi. Osamatero chonde. Munthu akamamwa madzi ochepa mkodzo umakhala wofiira, wonunkha kwambiri, umaotcha khungu ndi kuputa chikhodzodzo kuti chizifinya pafupipafupi, kenako matenda a m'njira ya mkodzo, kenako nkhalamba yasokonezeka mutu inu nkumati ayamba ufiti. Madzi amwe masana mokwanira, pokhapokha ngati dokotala anaika malire chifukwa cha mtima kapena impso. Chimene mungachepetse ndi tiyi wambiri, khofi, mowa ndi zakumwa za gasi, komanso kumwa kwambiri nthawi yogona itayandikira.

Thewera likhale maola 4 mpaka 6 masana likapitirira, likalema musadikire wotchi, ndipo mukakhala chimbudzi musinthe nthawi yomweyo ngakhale mwangomuveka kumene. Mkodzo ndi chimbudzi zikasakanikirana zimadya khungu mwachangu zedi. Posintha, madzi ofunda pang'ono mu beseni, kansalu kofewa, sopo wosanunkhira pang'ono chabe ndipo osati nthawi iliyonse, kwa amayi kupukuta kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Osakhula ngati mukutsuka poto. Umitsani mosisita pang'onopang'ono m'mphechepeche monse, mukatero mumusiye kanthawi mphepo imupite asanavale lina. Pakani zinc oxide wa ku famase mopyapyala, Vaseline nayenso amathandiza koma mukamata wambiri amatseka thewera nkulephera kumwa mkodzo. Paudala ayi, amaundana m'mapindo nkusanduka matope. Methylated spirit, Jik wosungunula, phulusa, mafuta a galimoto, zonsezi ndaziona zitapakidwa pa matako a munthu, musayerekeze. Ndipo wogona pabedi atembenuzidwe maola awiri aliwonse, thewera silichotsa ntchito imeneyo. Nthawi iliyonse yosintha yang'anani pa fupa la m'munsi mwa msana ndi m'mbali mwa chiuno, mukaona malo ofiira kapena akuda kuposa khungu lonse, otentha, olimba, amene sakusintha, chilonda chayamba kale mkati.

Amene ndalama ya otaya sangaikwanitse asadzione olephera. Matawelo akale ofewa kapena nsalu ya fulanelo yopinda bwino, kabudula wa pulasitiki pamwamba, zimagwira ntchito pakhomo, otayawo nkusungira usiku ndi maulendo. Kungoti nsalu imafuna kusintha ikangonyowa, kuchapa ndi sopo nkutsukuluza mpaka thovu lithe, kuyanika padzuwa mpaka iume gwa, nde nyengo ya mvula mukhale nazo zambiri, komanso mgolo wa madzi wosungira tsiku limene mpope wauma. Pa matiresi yalani makintoshi, pamwamba pake chitenje kapena shiti, khungu lisagone pa pulasitiki mwachindunji.

Wovala amene amapita kuntchito, kumsika, kumaliro, akhale ndi kachikwama kake kosachoka pakhomo la chipinda, matewera awiri, majumbo awiri, kansalu kapena ma wipes, kabudula wamkati ndi chitenje kapena thalauza yosinthira. Ulendo wa basi wa ku Mzuzu kapena Blantyre avale latsopano ponyamuka. Kukagona pa siwa kumafuna kuuza munthu mmodzi wodalirika kuti akupezereni kachipinda kosinthira, kusiyana nkupirira usiku wonse muli chinyowere. Ndipo inu osamalira, musamakuwe pa bwalo kuti bweretsani pampasi ya agogo, adzukulu ndi aneba akumva. Tsekani chitseko, auzeni chimene mukufuna kuchita musanawagwire, afundeni chitenje, ndipo ngati bambo akufuna kusinthidwa ndi mwamuna mnzawo osati mpongozi, yesetsani ndithu.

Kutaya kwake, chimbudzi chikhuthulidwe m'toileti, theweralo mulipinde, mumange mu jumbo, muike mu bini yotseka imene agalu sangaigwetse. Mu toileti ya madzi limatseka mapaipi, m'chimbudzi chokumba silivunda ndipo 150 pa mwezi adzadzitsa dzenje posachedwa. Mu ngalande ndi mumtsinje wa Lilongwe kapena Lingadzi ayi, kumunsi kuli anthu akuchapa ndi kuthirira ndiwo.

Ndibwerezenso za kuchedwa chifukwa ndi kumene timatayira anthu. Thewera likakhala louma tsiku lonse pamene munthu akumwa, kapena pansi pa mchombo patupa nkumawawa, musasangalale kuti mwapulumutsa limodzi, mkodzo watsekeka. Magazi mu mkodzo, kutentha thupi ndi kuzizidwa, kuwawa m'mbali mwa msana, nkhalamba imene yasokonezeka mutu mwadzidzidzi, chilonda chotuluka mafinya, zonsezi nza kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo munthu amene anali bwinobwino nkuyamba mwadzidzidzi kudzikodzera kapena kudziipitsira, msana ukuwawa, miyendo ikufooka, pakati pa ntchafu ndi kumatako kwachita dzanzi, ameneyo mitsempha ya mu msana yapanikizika ndipo maola akuwerengedwa. Musapite ku famase, musadikire kuti kuche kapena kuti amalume afike adzagamule, pezani galimoto usiku womwewo mupite ku Central, mutenge buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, ndi chigubu cha zitsamba chomwe ngati chilipo kuti adokotala achione.