Dzina la Field of Mars ndi asilikali omwe anasanduka alimi

Kumpoto chakumadzulo kwa Sydney ku Australia kuli dera lotchedwa Field of Mars. Dzinali analipereka ndi Arthur Phillip, Bwanamkubwa woimira Britain kumeneko, mu Januwale 1792, pomwe anagawa minda kwa asilikali apamadzi asanu ndi atatu omwe anali atapuma ntchito. Mars ndi mulungu wankhondo wa Aroma. Malowo sanali opanda mwini: anali a anthu a mtundu wa Wallumedegal, ndipo palibe anawapempha.

Asilikaliwa si amalinyero. Anali amfuti, ndipo anabwera kudzalondera akaidi pa zombo 11 zomwe zinanyamuka ku Portsmouth ku England pa 13 Meyi 1787 n'kufika ku Australia mu Januwale 1788. Analonjeza kugwira zaka zitatu. Ochepa okha ndiwo analoledwa kutenga akazi awo. Ena ambiri anadzakwatira akazi omwe anabwera ngati akaidi.

Msilikali wamba wosankha kukhazikika ku Australia ntchito itatha ankalandira maekala 80, kapena 100 akakhala wapabanja, kuonjezapo maekala 10 pa mwana aliyense. Wa udindo ngati sajeni ankalandira 130 kapena 150, pomwe mkaidi womasulidwa ankayambira pa 30. Msonkho wa malo unkayamba patatha zaka khumi.

Papepala mkazi ankabweretsa maekala 20, koma kumphika ankamuchepetsa. Phoso lomwe boma linkapatsa mwamuna pa sabata linali mapaundi 7 a ufa wa tirigu, mapaundi 7 a nyama ya ng'ombe yothira mchere kapena 4 a nkhumba, nsawawa zouma ndi batala pang'ono. Mkazi ankapatsidwa magawo awiri mwa atatu a zimenezi, chonsecho kusinja chimanga, kuweta nkhuku ndi kuchapa zinali pamutu pake. Njala itavuta mu Epulo 1790, ufa unatsika kufika pa mapaundi awiri ndi theka.

Chinkalepheretsa ulimi n'chiyani? Munthu wozolowera mfuti ankayenera kugwetsa mitengo ya bulugama yomwe inkabunthitsa nkhwangwa, kenako kugaula ndi khasu pakati pa zitsa, popanda ng'ombe kapena pulawo. Manyowa kunalibe, choncho nthaka inkaguga msanga. Ngongole zikachuluka, ambiri ankagulitsa minda motchipa n'kulowanso usilikali mu New South Wales Corps, gulu lomwe linalowa m'malo mwa asilikali apamadziwo.

Asilikali ena omwe anapita ku chilumba cha Norfolk, kum'mawa kwa Australia, analandira maekala 60 aliyense. Kuyambira 1807 boma linasamutsira mabanja akumeneko ku chilumba cha Tasmania, kumwera kwa Australia, komwe anakayambanso kuswa mphanje atakalamba kale.