Intaneti ya kunyumba ikuchedwa? Yezani kaye bwino musanalipire munthu

Ntchito yanga ndi yoyika ma rauta ndi kukonza za intaneti mmanyumba ndi mma ofesi kuno ku Thyolo, Luchenza mpaka ku Mulanje boma, nde sipapita sabata osalandira chithunzi cha Speedtest, yoyezera sipidi ya intaneti, pa WhatsApp, nambala yake 3 kapena 4 Mbps (muyezo wa sipidiyo), pansi alembapo kuti akutibera awa bwerani mudzaone. Ndikafunsa kuti munayezera pati yankho ndi lomwe lija, kuchipinda, pafoni. Rauta ili pabalaza kuseri kwa TV, pakati pali makoma awiri a njerwa zootcha, ana ali pa YouTube, laputopu ikudzipangira update yokha. Abale anga pamenepo simunayeze intaneti yomwe ikulowa mnyumba mwanu, mwangoyeza kanyenyeswa ka WiFi komwe kakwanitsa kudutsa khoma. Zimanditopetsa chifukwa anthu akuononga ndalama kutengera nambala imeneyo.

Mukafuna kudziwa zoona zake chotsani aliyense pa WiFi, ngakhale foni yomwe ili mthumba chifukwa itha kukhala ikutumiza zithunzi ku Google mwakachetechete. Lumikizani laputopu ku rauta ndi kebulo. Ngati mulibe kebulo imani pafupi ndi rauta penipeni, ndipo ngati rauta yanu ikuonetsa ma WiFi awiri sankhani ya 5 GHz, imathamanga koma imafa msanga ikakumana ndi khoma, pomwe ya 2.4 GHz imafika patali koma ndi yochedwerako. Ngati muli ndi VPN, app ija yodutsitsa intaneti yanu ku seva ina, itsekeni. Mukatero yezani pa Speedtest ya Ookla kapena fast.com ya Netflix, mmawa, masana komanso usiku cha mma 8, kwa masiku angapo, nkumalemba mkope tsiku, nthawi ndi manambala ake. Kamodzi kokha sikokwanira. Rauta ya simu khadi, kaya ya TNM kaya ya Airtel, imatunga pa tawa yomwe mudzi onse ukutungapo, zili ngati pa mjigo, mukalawira mumatunga mosavuta koma madzulo aliyense wabwera ndi ndowa yake. Nde mmawa mukapeza 25 usiku nkupeza 5, rauta yanu ndi yabwinobwino, tawa ndi yomwe yadzaza, ndipo palibe chomwe mungagule pamsika choti chisinthe zimenezo.

Osamangodina kuyeza mphindi iliyonse ngati muli pa bandulo. Pa 20 Mbps data imapita 2.5 MB pa sekondi, masekondi 10 okha ndi 25 MB yapita. Komanso musasokoneze Mbps ndi MB, 8 Mbps ndi yomwe imapanga 1 MB pa sekondi, nde ngati mumalipira ya 10 Mbps ndipo fayilo ikutsika pa 1.2 MB pa sekondi palibe wakuberani, ndi momwemo.

Chomwe chimandipweteka kwambiri ndi chakuti aliyense amangoyang'ana nambala yaikulu ya download, sipidi yomwe zinthu zimatsikira kwa inu, basi. Pali zina ziwiri, upload ndi ping, ndipo kwa munthu wa Zoom kapena video call zimenezo ndi zofunika kuposa yaikuluyo. Upload ndi yomwe imanyamula nkhope ndi mawu anu kupita kwa winayo, ikakhala pansi pa 1 Mbps inu mumamuona bwinobwino koma iye akuona chithunzi chouma, mawu odukaduka. Ping ndi nthawi yomwe uthenga umatenga kupita ndi kubwerera. Ya ku seva ya ku Blantyre kapena Lilongwe imakhala yochepa, ya ku Johannesburg imakwera, ya ku London imapitirira 100 ms (1,000 ms ndi sekondi imodzi) chifukwa ndi kutali, komanso dziko lathu lilibe nyanja ya mchere, faiba imayenera kudutsa kaye mmaiko oyandikana nawo monga Mozambique ndi Tanzania isanakafike ku ma kebulo a pansi pa nyanja. Zimenezo si vuto. Vuto ndi ping yodumphadumpha, pano 60 pano 700.

Pali mayi wina, mphunzitsi wa ku sekondale mbali ya kwa Bvumbwe yemwe nkhani yake imandikhalabe pamtima. Amachita maphunziro a pa intaneti, ndipo kwa miyezi ingapo kalasi ikangoyamba amaduka. Akayeza download imaonetsa 14, 15, nde iwo nkumati intaneti ili bwino vuto ndi laputopu. Anapita kwa mnyamata wina wokonza mafoni, anawafomatira laputopu nkuwalipitsa, manotsi ena anathera pomwepo. Sizinasinthe. Mnyamata yemweyo anati nde vuto ndi rauta, anaifulasha, kutanthauza kusintha pulogalamu ya mkati mwake, kuti akuti izikoka netiweki yambiri, nkuwagulitsanso ka mlongoti kapulasitiki komata ndi selotepu, ndinakatsegula mkati munalibe kanthu koma kawaya kosalumikizika paliponse. Mmene amandiitana nkuti tsiku lofotokoza za kafukufuku wawo pamaso pa aphunzitsi litadutsa, anaduka pakati, anawauza kuti adikire chaka china.

Nditafika ndinapeza rauta ili pa kashelefu pansi, mkati mwa nyumba ya malata, mbali ya kuphiri. Upload inali 0.3. Ndinalowa mu tsamba la rauta kuona RSRP, nambala yosonyeza mphamvu ya netiweki yomwe rauta ikulandira kuchokera ku tawa, inali cha mma -115, pomwe timizere tapanja timaonetsa titatu ngati zonse zili bwino. Timizere timeneto musamatikhulupirire, RSRP ya cha mma -80 kapena -90 ndi yabwino, ikadutsa -110 rauta ikukuwa koma tawa sikuimva, ndipo choyamba kufa ndi upload. Tinangoinyamula nkuiyika pawindo loyang'ana komwe kuli tawa, mmwamba, upload inakwera kufika cha mma 5. Osagula kanthu, ntchito yosakwana ola limodzi. Mayi aja anangokhala pampando osayankhula. Chaka chathunthu cha munthu, fizi yake, zapita chifukwa palibe anawauza kuti ayang'ane nambala yachiwiri ija, ndipo yemwe anamudalira amangoona ndalama.

Kuno kwathu malo ndi ovuta, si ngati ku Nsanje kosalala. Thyolo ndi zitunda ndi zigwa, nyumba yomwe ili mmunsi mwa esiteti ya tiyi itha kusowa netiweki pomwe neba wa pamtunda akuonera mpira osaduka. Ku Mulanje phiri lija, nsonga yake Sapitwa ndi mamita 3,002, silidutsika ndi netiweki, muyenera kudziwa tawa yanu ili mbali iti. Mabulugamu ataliatali nawonso amatchinga, makamaka akanyowa nthawi ya chiperoni. Amene munagula Starlink, yomwe inayamba kugwira ntchito mMalawi mu 2023, mbale ija imafuna kuona thambo popanda nthambi, ndipo mvula yamphamvu imaigwetsa kwa kanthawi, nde musayeze kukugwa chimvula nkuthamangira kunena kuti yafa.

Tsopano za anthu okuberani. Palibe app ya booster yomwe ingaonjezere sipidi yomwe kampani ikukupatsani, zambiri mwa izo zimangodzaza foni ndi zotsatsa malonda nkumadya data yomweyo. Palibe sitika yomata kuseri kwa foni yokoka netiweki. Wina akakuuzani kuti afulasha rauta kuti muzipeza intaneti yaulere kapena yothamanga, mukanireni, akaiononga kampani siidzailandiranso. Milongoti yeniyeni yapanja ilipo ndipo imathandiza mmalo ovuta, koma woyikayo akuonetseni RSRP ndi manambala onse atatu asanayike ndi atayika, akakana musamupatse ndalama. Ndipo aliyense akagwira rauta yanu sinthani pasiwedi akangochoka, ndapezapo nyumba zomwe mafoni achilendo ali pa WiFi kuposa a eni nyumba.

Mukayeza ndi kebulo, rauta ili pawindo, palibe wina pa WiFi, bandulo yanu si ija yomwe amaichepetsa sipidi mukadutsa malire, koma manambala akadali pansi mmawa ndi usiku womwe, pamenepo vuto lili kwa okugulitsani intaneti ndipo musadikire mwezi uthe mukulipirabe. Kumbukirani kuti ambiri amalemba kuti mpaka 20 Mbps, nde 16 si mlandu, koma 2 tsiku ndi tsiku ndi mlandu. Imbani, awerengereni za mkope muja, apatseni zithunzi, ndipo musadule foni asanakupatseni nambala ya dandaulo lanu. Akapanda kukuthandizani pitani nayo nambala imeneyo ndi kope lanu ku MACRA, ndi omwe amayang'anira makampani a mafoni ndi intaneti mdziko muno ndipo amalandira madandaulo a ife ogula.