Ndodo yowedzera ndi nyambo za pulasitiki: yang'anani kunsonga

Amene tinakula tikuwedza ndi nsungwi ndi nyongolotsi tinaphunzira kudikira. Umaponya, n'kukhala pansi, nsomba imabwera yokha potsata fungo. Nyambo za pulasitiki yofewa, zija zoumbidwa ngati nyongolotsi, kansomba kapena nkhanu, sizigwira ntchito choncho. Mukaisiya ili phee pansi pa madzi, nsomba zambiri zimangoidutsa. Amene amaipatsa moyo ndi inu, ndipo moyowo umadzera mu ndodo. N'chifukwa chake pa ntchito yanga yokonza ndodo ndi kuphunzitsa anthu kuwedza, munthu akandifunsa kuti agule ndodo iti, ndimayamba ndamufunsa kuti nyambo yake ikulemera magalamu angati.

Ambiri funsoli limawadabwitsa. Iwo amabwera mutu uli pa kukula kwa nsomba, ndiye amafuna ndodo yonenepa ngati mpini wa khasu kuti isathyoke.

Tsiku lina kunabwera bambo wina ndi ndodo ya faibagalasi yotalika mamita atatu ndi theka, ya mtundu woponyera m'nyanja yamchere. Anati wawedza Loweruka ndi Lamulungu lonse padamu osaona kanthu, choncho nyambo zapulasitiki ndi bodza la ogulitsa. Ndinapempha kuti ndione nyambozo. Zitatu zinali zokalika m'mbali ngati zapalidwa ndi sandipepa, ina inalibe mchira. "Bambo, nsomba zimadya ndithu," ndinawauza, "koma uthenga sumafika m'manja mwanu." Ndinawagwiritsa ndodo yopepuka, n'kumangirira kamtovu ka magalamu 7, n'kuwapempha kuti atsinzine ine ndikuika kamtovuko pabwalo. Atayamba kukoka pang'onopang'ono anati, "Apa ndi pasimenti." Patsogolo pang'ono, "Apa ndi pa udzu." Sanafunenso kuuzidwa zambiri.

Nyambo zimenezi zinachokera ku America. Nick Creme wa ku Akron, m'chigawo cha Ohio, ndiye anayamba kuumba nyongolotsi zapulasitiki mu 1949, ndipo zinatchuka pa nsomba yotchedwa bass. Nsomba imeneyi inafika ku South Africa mu 1928, ndipo abale athu okhala kumeneko kapena ku Zimbabwe amaipeza m'madamu monga Albert Falls ndi Mutirikwi. Kwathu kuno nsomba ya khalidwe lofanana nayo ndi sungwa, ija ya kukamwa kwakukulu imene imabisala m'zomera za m'madzi kudikira tinsomba. Nsomba zotere sizikoka nyambo n'kuthawa nthawi zonse. Kawirikawiri zimaimeza mwa kuyamwa madzi, ndipo zikamva kuti si chakudya zimailavula. Zonsezi zimatha m'kanthawi kochepa kwambiri. Chimene inu mumamva ndi kagogodo kamodzi kokha, kapena chingwe kupepuka mwadzidzidzi, kapena kuchiona chikuyenda chammbali. Ndodo yoyenera ndi imene ingakuuzeni zimenezi, kenako n'kulowetsa mbedza nsomba isanalavule.

Zofunika kudziwa zinalembedwa kale pa ndodopo, pamwamba pang'ono pa chogwirira. Mupeza mzere wonga uwu: 7'0" M Fast, 6-12 lb, 7-21 g. Nambala yoyamba ndi kutalika, mafiti 7, omwe ndi mamita 2.13. Chilembo M chikunena mphamvu ya ndodo: chikuimira Medium, ndiye kuti yapakatikati. Mawu oti Fast akunena pamene ndodo imapindikira. Kenako pali kulimba kwa chingwe choyenera m'mapaundi (lb), ndipo kumapeto kulemera kwa nyambo. Ndodo zina zimalemba kulemerako mu oz. Oz imodzi ndi magalamu pafupifupi 28, choncho 1/4 oz ndi magalamu 7.

Pa zonsezi chimene anthu amasokoneza kwambiri ndi mphamvu ndi kapindikidwe. Ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ndodo ziwiri zikhoza kukhala zamphamvu mofanana, koma ina n'kumapindika kunsonga kokha pamene inzake ikuwerama mpaka pakati ngati uta. Yolembedwa Fast imapindika gawo lakumtunda lokha, pafupifupi limodzi mwa magawo atatu kapena anayi, thunthu lotsalalo lili nji. Imeneyi ndiyo ya nyambo zapulasitiki. Mukagwedeza dzanja pang'ono, nyambo imadumpha pang'ono nthawi yomweyo. Mukakweza ndodo kuti mukole, nsonga imatha msanga kupindika ndipo mphamvu ya thunthu imafika pa mbedza. Ndodo yowerama ngati uta imameza zonse ziwiri: kagogodo ka nsomba kamathera m'njira, ndipo pokola theka la mphamvu yanu limapita popinda ndodo. Ndodo zoterozo zili ndi ntchito yake, makamaka pa nyambo zolimba za mbedza zitatuzitatu, koma pano ayi.

Kuti muone nokha m'sitolo, musaigwedeze m'mwamba monga amachitira ambiri, chifukwa sizikuuzani kanthu. Lumikizani ndodoyo, gunditsani nsonga kudenga kapena pansi posalala, n'kukankha pang'onopang'ono mukuyang'ana pamene kupindika kukuthera.

Mphamvu imatengera mmene mwavekera nyambo ndi malo owedzapo. Ngati mukugwiritsa ntchito jig head, ija mbedza yokhala ndi mutu wa mtovu, nsonga ya mbedza imakhala poyera ndipo sifuna mphamvu zambiri kuti ilowe. Pa ma jig head a magalamu 3 mpaka 7 m'madzi opanda zitsotso, ndodo ya Medium Light, yocheperako mphamvu kuposa Medium, imakwana. Koma m'maudzu ndi m'mitengo yomira, momwe sungwa ndi bass zimakonda, timaveka nyambo mwa njira yotchedwa Texas rig: nsonga ya mbedza imabisidwa m'thupi la nyambo kuti isakole zinyalala. Apa mbedza iyenera kuboola pulasitiki kaye isanaboole mlomo wa nsomba, ndipo ikakola muyenera kuitulutsa msanga isanazunguze chingwe ku nthambi. Pamenepo pamafunika Medium Heavy, yamphamvu kuposa Medium. Powerengera kulemera muziphatikiza mtovu ndi pulasitiki yomwe, poti nyongolotsi yonenepa payokha imalemera ndithu.

Kwa munthu amene ndalama ikulola ndodo imodzi yokha, ndipo ambirife ndi mmene tilili, ine ndimati Medium, Fast, mamita 2.1 kapena kuyandikira pamenepo, ya reel (chokulungira chingwe) ya saizi 2500 yokhala kunsi kwa ndodo. Woyenda m'mphepete mwa damu akhoza kutalikitsako pang'ono kuti aziponya patali. Wa m'bwato kapena wowedza pansi pa mitengo achepetseko.

Ndodoyo ikhale yopangidwa ndi kaboni. Faibagalasi ndi yolimba, yotchipa, imapirira nkhanza, koma ndi yolemera ndipo imagontha. Kuwedza kotere dzanja silipuma, mumaponya kambirimbiri pa tsiku, choncho kulemera kulikonse mudzakumva m'mkono pofika masana. Ndodo zolowetsana ngati mlongoti wa wailesi, zimene zimapezeka m'misika, n'zabwino pa nyongolotsi yeniyeni, koma mfundo zake n'zambiri ndipo sizipereka uthenga bwino. Ya zidutswa ziwiri ilibe vuto. Pali ena amaumirira ya chidutswa chimodzi, koma ndakonzapo ndodo zambiri zothyokera pa chitseko cha minibasi kuposa zothyokera pa mfundo.

Chingwe nacho chingawononge ndodo yabwino. Nayiloni imatamuka, ndipo mukaponya patali kutamukako kumabisa kagogodo kaja. Chingwe cholukidwa, chimene amati braid, sichitamuka kwenikweni. Ikani cha 10 kapena 15 lb, ndipo kumapeto mulumikize mita imodzi ya chingwe cha fluorocarbon chomwe sichioneka kwambiri m'madzi ndipo chimapirira miyala. Popeza braid imakhula, tengani kathonje mudutsitse m'kati mwa mphete iliyonse ya ndodo musanalipire. Thonje likakodwa, mpheteyo ndi yong'aluka ndipo idzakudulirani chingwe. Pa ndodo zakaunjika izi musaiwale.

Za mcheni wa ku Chigwa cha Shire, uja wa mano ngati misomali wopezeka kumunsi kwa mathithi a Kapichira ndi mu Zambezi, ndi nkhani ina. Amadya nyambo zapulasitiki, koma amazidula, ndipo kukamwa kwake ndi fupa. Kumeneko musapite ndi ndodo yochepera Medium Heavy, ndipo waya kutsogolo kwa mbedza ndi wosakambirana.

Kaboni ali ndi zofooka ziwiri zoyenera kuzidziwa. Amadutsitsa magetsi, choncho kukayamba kugunda ziphaliwali goneketsani ndodo pansi muchoke pamadzi, ndipo poyenda muziona mawaya a magetsi. Chachiwiri, salola kupindidwa mopanikiza. Nsomba ikafika pafupi, anthu amaimika ndodo chilili kuti ainyamule, ndipo katundu yense amagwera kunsonga kopyapyala kuja. Ndodo zambiri zimene zimabwera kwa ine zitaduka chala chimodzi kapena ziwiri kuchokera kunsonga zinafa choncho, zina pa nsomba yosakwana ndi kilogalamu imodzi. Ndodo izikhala yopendekeka, nsomba muibweretse chammbali, ndipo muitulutse ndi kaukonde kapena ndi dzanja.