Kaphala ka m'mawa kangaphe mwana ku fiyeta

Ndisanagoneke wodwala aliyense ku fiyeta ndimafunsa kuti wadya liti komaliza. Yankho lomwe landitopetsa ndi ili: "Sanadye kanthu adokotala, wangomwa kaphala basi."

Phala ndi chakudya. Thobwa ndi tiyi wamkaka nazonso ndi chakudya. Tikati wodwala asadye, sikuti tikufuna kumukhaulitsa ndi njala. Mankhwala ogonetsa amagonetsanso mphamvu yotsokomola ndi yomeza, imene imatchinjiriza munthu kuti asatsamwe. Za m'mimba zikabwerera kukhosi zimatsetserekera m'mapapo, ndipo asidi wa m'mimba amawotcha mapapowo. Dokotala Curtis Mendelson adalemba za vutoli mu 1946 ataliona pa amayi ochira ku New York, koma kuno ku Blantyre tikulimbana nalobe. Chakudya ndi mkaka wa m'chitini zilekezeni maola 6 opaleshoni isanachitike, bere maola 4, madzi akumwa maola awiri.

Pali mwana wina wa zaka zitatu amene sachoka m'maganizo mwanga. Opaleshoni yake inali yaing'ono, yoti madzulo ake akanakhala akusewera. Ndidafunsa agogo ake kawiri, ndipo kawiri konse adakana kuti sadadye. Nditangomugoneka, phala la mgaiwa lidatulukira m'kamwa ndi m'mphuno, milomo nkuyamba kuda. Tidapopa msangamsanga, tidalowetsa paipi yopumira, komabe lina linali litafika kale m'mapapo. Adakhala masiku angapo pa makina opumira. Adachira, koma mwamwayi. Agogowo adandiuza misozi ili mbwembwembwe kuti mdzukulu wawo adalira usiku wonse, mtima sudawalole, ndipo adabisa poopa kuti tiwabweza atadikira tsikulo miyezi yambiri. Ndimawamvetsa. Mwina nafenso sitidawafotokozere chifukwa chake, tidangolamula. Koma akadanena, tikadangosuntha nthawi, mwanayo nkulowa masana.

Kubisa kumene kumandiwawa kwambiri ndi kwa mankhwala azitsamba. Mayi woyembekezera amamwetsedwa mwanamphepo kunyumba ati matenda afulumire, chiberekero nkumakoka mopyola muyeso mpaka kung'ambika. Amatipeza magazi atatayikira m'mimba, BP ili pansi, achibale nkumalumbira kuti sanamwe kalikonse. Munthu wotereyu mankhwala ogonetsa amene munthu wamphamvu amawapirira angathe kumuimitsa mtima.

Chimodzimodzi abambo opotana matumbo. Mimba yatupa ngati ng'oma, chimbudzi sichikutuluka, ngakhale mpweya womwe, koma amayamba apita kwa sing'anga amene amawatema mphini ndi kuwamwetsa mankhwala otsegula m'mimba. Thumbo lopotana silimasuka ndi mizu. Tsiku lililonse lomwe mwachedwa limafa pang'onopang'ono, ndipo pofika tsiku lachinayi timalipeza lakuda bii, loyenera kudula. Mimba ikatupa, munthu akusanza ndipo sakuchita chimbudzi, thamangani naye ku chipatala tsiku lomwelo, musamupatse phala panjira, ndipo botolo la zomwe wamwa mubwere nalo tilione.